Miyendo Itatu pa Batani

Envulopu inandipeza Lachitatu, mwezi wa fumbi,
pansi pa mtengo wanga ku Kapata,
ndikuwongola masipoko a njinga ya wamakala.
Ndinapukutira girisi pa thalauza, n'kuing'amba ndi mano.

Mayi wina wa kutsidya kwa nyanja, dzina lake Moira,
wajambula mtengo wa banja lake, akuti mwina ndi lathunso.
Pamwamba mayina awiri:
Caesar Kinvig ndi mkazi wake Ealish,
a pachilumba cha Man, kumene amphaka amabadwa opanda mchira.
Watero iye. Ine sinditsutsa, sindinafikeko.

Anachoka mu 1886, mgodi wa mtovu utayamba kuuma.
Ntchito ya Caesar inali kudzoza mafuta
chigudumu chokoka madzi mumgodimo, chachitali kuposa tchalitchi.
Ndinayang'ana gudumu linali pamaondo panga
n'kuseka ndekha ngati wamisala.

Masabata atatu akusanza m'sitima ya pamadzi.
Zaka khumi ndi ziwiri akumeza fumbi la ku Kimbale.
Kenaka mphekesera: kumpoto, kwa Angoni,
golide amangotola ngati masuku.
Ealish anabwera pa machira kuchokera ku Tete
atafungatira wotchi ya pakhoma imene sinayendenso.
Golide sanamuone. Anapeza chiswe, fodya,
ndi malungo a mkodzo wakuda
amene anamugoneka mayiyo kuseri kwa phiri la Kanjala
dzinja lachitatu lisanathe.

Pansi pawo nthambi zinayi.
Zitatu zabereka mpaka kusefukira m'mphepete mwa pepala,
Kanada, Ositireliya, kwina sinditha kutchula.
Yachinayi ndi chitsa:
Juan, 1889 mpaka 1931. Sanakwatire. Analibe mwana.

Analibe mwana!
Nanga bambo anga maso otuwa aja anawatola pamsewu?
Nanga dzina ili la pachitupa changa, Kinivi,
limene kalaliki wa kuboma analidula mchira
ngati amphaka a kwawoko?

Maliwase ankasankha fodya m'shedi ya Juan.
Zaka khumi ndi chimodzi akulowera khomo la kuseri.
Tsiku la maliro anaima kunja kwa waya,
mwana kumsana, wina pa dzanja.
Chimene anatuluka nacho pafamupo
ndi batani limodzi la mkuwa, lothothoka pa jekete.
Pabatanipo miyendo itatu ikuthamanga,
yopanda thupi, yopanda mutu.
Azakhali ankati ndi chithumwa cha azungu,
ankalitsekera m'kachitini ka polishi wa nsapato.
Moira akuti tanthauzo lake n'lakuti
uliponye paliponse, liimirira.

Ndaliponya kanayi pa simenti.
Kawiri lagwa chafufumimba.

Caesar sindimukwiyira.
Munthu wothawa njala ndimamudziwa kayendedwe:
wanga Yotamu ali ku Joni, chino n'chaka chachisanu,
foni yake imalira kokha.
Ealish ndiye amandigwira pakhosi,
kutsirizika kutali ndi fungo la nyanja,
kupempha madzi m'chinenero chimene
ngakhale azungu anzake sankachimva.

Koma pepala ili laponcha, Moira.
Mpweya ukutulukira pa nthambi yachinayi.

Ndabwereka bolopeni kwa mtsikana wa pa buthu.
Pambali pa chitsa chija ndalemba: Maliwase Nkhoma.
Chaka chobadwa sindichidziwa, ndalemba kuti
dzombe lisanabwere.
Pansi pake Eliya ndi Dorika.
Pansi pa Eliya, ife asanu ndi awiri, awiri anagona.
Pepala latha ndisanafike pa adzukulu,
ndalumikiza lina ndi guluu womatira machubu,
chala changa chakuda chadinda pakona ngati sitampa.

Batani silipita. Ndingolijambula.

Mawa ndilawirira ku positi.
Wamakala watopa kudikira, akuloza dzuwa,
ndipo gudumu lake, ndikalizunguza,
likukhotera pang'ono kumanzere.